Kalata yotseguka kwa oyang'anira mizinda, misika ndi masitolo: wogula amapita kumalo amene ali m'mutu mwake

Kwa inu olemekezeka atsogoleri a makhonsolo, akatswiri okonza mapulani a mizinda, oyang'anira misika ndi eni masitolo akuluakulu,

Ndakulemberani pamodzi chifukwa, ngakhale maofesi anu ndi osiyana, nonsenu mumagamula za chinthu chimodzi, chomwe ndi malo amene anthu amakagulako zofunika pa moyo wawo. Ena mwa inu mumasankha pomanga msika, ena mumasamutsa malo okwerera basi, ena mumalemba ntchito alonda, ndipo ena mumayala katundu m'mashelefu ndi kuika mitengo. Ine ndine wogula wamba amene ndakhala zaka zambiri ndikuwerenga za khalidwe la ogula ndi kuonetsetsa zochita za ogula anzanga, ndipo ndaona kuti pali cholakwika chimodzi chimene chimabwerezabwereza m'zigamulo zanu. Inu mumayeza malo monga mmene alili papepala, pamene wogula amapita kumalo monga mmene alili m'mutu mwake, ndipo nthawi zambiri malo awiriwa safanana.

Sindikunyoza miyeso yanu, pakuti ili ndi maziko ake. M'chaka cha 1931, William Reilly wa ku America anafotokoza kuti mizinda iwiri imakoka ogula a m'madera a pakati pake molingana ndi kuchuluka kwa anthu ake, ndipo mphamvu yokokayo imachepa msanga mtunda ukamatalika, moti mtunda ukawirikiza kawiri mphamvuyo imangotsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Patapita zaka zoposa 30, David Huff anawongola lingaliro limeneli ponena kuti munthu sakhala wa sitolo imodzi yokha, koma mwayi woti apite kumalo akutiakuti umakula malowo akakhala aakulu, ndipo umachepa nthawi ya ulendo ikatalika. Mpaka lero makampani ambiri amadalira masamu ochokera kwa Huff posankha pomanga sitolo yatsopano, ndipo masamuwo amathandizadi. Koma masamuwo amanena kumene munthu akanapita akanakhala kuti akudziwa bwinobwino kukula kwa malo onse ndi kutalika kwa ulendo uliwonse, pamene munthu weniweni sayenda ndi chingwe choyezera. Iye amayenda ndi zimene anaona, zimene anamva kwa anzake, ndi zimene zinamuchitikira tsiku lina zaka zitatu zapitazo.

Amene anaika mfundoyi poyera pa nkhani za malonda anali Pierre Martineau, yemwe ankatsogolera kafukufuku ku nyuzipepala ya Chicago Tribune. M'chaka cha 1958 iye analemba kuti sitolo imakhala ndi umunthu wake m'maganizo mwa wogula, ndipo umunthuwo mbali ina umachokera ku zinthu zooneka ndi zowerengeka, mbali ina umachokera ku mmene munthu amamvera mumtima akalowamo. Anatchula kamangidwe ndi kayalidwe ka m'kati, mitundu ndi zizindikiro, katsatsidwe ka malonda, ndiponso anthu ogulitsawo. Chimene chimandigwira mtima pa zonse zimene ananena n'chakuti wogula amafunafuna sitolo yogwirizana ndi mmene amadzionera yekha, ndiye kuti amadzifunsa chamumtima ngati malowo ndi a anthu ngati iye. Funso limeneli silipezeka pa pulani ya mmisiri aliyense, komabe limabweza anthu ambiri asanaponde n'komwe pakhomo.

Ndiyambe ndi mtunda, chifukwa ndi umene mumaudalira kwambiri, ndiponso ndi umene umakupusitsani kwambiri. Kevin Lynch, katswiri wa mapulani a mizinda, anafunsa anthu a m'mizinda ya Boston, Jersey City ndi Los Angeles ku America kuti afotokoze ndi kujambula mizinda yawo kuchokera m'mutu, ndipo zimene anafalitsa m'chaka cha 1960 zinaonetsa kuti mapu a m'mutu amasiyana kwambiri ndi mapu a ku ofesi. Misewu ina inkaoneka bwino, ina inkasokonekera, ndipo zigawo zina za mzinda zinkangotsala mbee ngati kuti kulibe kanthu. Kenaka m'chaka cha 1980, Edward Sadalla ndi Stephen Magel anayendetsa anthu m'njira zotalika mofanana, n'kupeza kuti njira yokhotakhota imaoneka yaitali kuposa yowongoka. Aliyense amene anayendapo atanyamula katundu manja onse awiri angathe kuwonjezera zake pamenepa: msewu waukulu wovuta kuwoloka, chitunda, matope, mdima, dzuwa lopanda pobisala, ngalande yonunkha, kapena ngodya imene gulu la anthu limangokhalapo n'kumayang'anitsitsa odutsa. Chilichonse mwa izi chimatalikitsa njira m'mutu ngakhale mamita akhale omwewo. N'chifukwa chake sitolo yomwe ili kutsidya kwa msewu wothamanga magalimoto, mamita 200 okha kuchokera pakhomo la munthu, imatchedwa yakutali, pamene ina yomwe ili pa mtunda wa kilomita yathunthu, koma panjira imene munthuyo amadutsa tsiku ndi tsiku pochokera kuntchito, imatchedwa yapafupi.

Apa m'pamene ndimadandaula ndi mmene misika imasamutsidwira m'mizinda yambiri. Msika watsopano umamangidwa ndi denga labwino, madzi ndi zimbudzi, koma pamalo amene mapazi a anthu sadutsa. Ogulitsa amasamutsidwa, amakhalako masabata angapo akungoyang'anana okhaokha, kenaka amabwerera m'mbali mwa msewu kumene anachotsedwa, ndipo inu mumawatcha osamva. Komatu iwo sakhala akulimbana nanu. Amakhala akutsatira mapu a m'mutu mwa ogula, omwe amawadziwa bwino kuposa inu chifukwa akawaphonya amagona ndi njala. Ku Durban, pamalo otchedwa Warwick Junction, pamene masitima, mabasi ndi maminibasi amakumana, akuluakulu a mzinda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anachita zosiyana ndi zimenezi. Anakhala pansi ndi ogulitsa a m'misewu, n'kukonza misika m'njira momwe anthu ankadutsa kale, mpaka anasandutsa milatho ya msewu waukulu yomwe inasiyidwa yosamalizidwa kukhala msika wa mankhwala azitsamba. Koma mzinda womwewo m'chaka cha 2009 unafuna kumanga nyumba yaikulu ya masitolo pamalo a msika wakale wa Early Morning Market, ndipo ogulitsa anakana mpaka kukafika kukhoti, pulaniyo n'kusiyidwa. Nkhaniyi imandiphunzitsa kuti ngakhale ofesi imene inamvetserapo bwino ikhoza kuiwala msanga, makamaka pakabwera pulani yooneka bwino papepala.

Mitengo nayo ili ndi mapu ake a m'mutu. Mukafunsa ogula chifukwa chimene amagulira kwakutikwakuti, ambiri amayankha kuti n'kotsika mtengo, ndipo amanena motsimikiza ngati anawerengera. Koma m'chaka cha 1990, Peter Dickson ndi Alan Sawyer anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anaimitsa ogula pafupifupi 800 m'masitolo akuluakulu, patangopita masekondi ochepa atatenga chinthu pashelefu, n'kuwafunsa mtengo wake, ndipo amene anayankha molondola sanafike theka. Ngati munthu sakumbukira mtengo wa chinthu chimene chili m'manja mwake, ndiye kuti chikhulupiriro chake choti sitolo yonse ndi yotsika mtengo kapena yodula chimachokera kwina. Chimachokera ku zinthu zochepa zimene amagula kawirikawiri ndipo amazidziwa mitengo, ku zikwangwani zolengeza kutsitsa, ndi ku maonekedwe a malowo. Eni masitolo mumazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake mumatsitsa mitengo ya zinthu zochepa zodziwikazo n'kukabweza phindu pa zina, ndiponso n'chifukwa chake masitolo otsika mtengo monga Aldi, ochokera ku Germany, amasiya katundu wambiri m'makatoni momwe anabwerera, zomwe zimachepetsa ntchito komanso zimauza wogula kuti pano ndalama siziwonongedwa pa zokongoletsa. Mbali ina ya nkhani yomweyi mumaiiwala: sitolo yonyezimira kwambiri imathamangitsa munthu wa ndalama zochepa ngakhale mitengo yake ikhale yabwino, chifukwa iye amaweruza kuchokera panja ndipo salowa kukatsimikiza. M'misika yomwe mitengo silembedwa, wogula wachilendo amaopa kuti amutchulira mtengo molingana ndi zovala zake kapena kalankhulidwe kake, ndipo ena amasankha kukalipira zambiri kumene mtengo walembedwa, kungofuna mtendere wa mumtima.

Tsopano ndifike pa ulemu, ndipo mundilole ndinene za ine mwini. Tsiku lina ndinalowa m'sitolo ina yaikulu nditavala zovala zogwirira ntchito, ndipo mlonda ananditsatira kuchokera pakhomo, shelefu ndi shelefu, mpaka polipirira. Sanandinene kanthu, ndipo mwina ankangochita zimene anauzidwa. Ine ndinalipira, ndinathokoza, ndinatuluka, ndipo sindinabwerereko. Palibe buku la m'sitolo imeneyo limene linalemba kuti tsiku limenelo kasitomala mmodzi watayika, ndiponso kuti a m'banja mwanga ndi anzanga angapo amva nkhaniyo. Albert Hirschman, katswiri wa zachuma, anafotokoza m'chaka cha 1970 kuti munthu wosakhutira ali ndi njira ziwiri, kudandaula kapena kuchoka, ndipo pamsika njira yapafupi ndi kuchoka mwakachetechete. Izi zikutanthauza kuti bokosi lanu la madandaulo likakhala lopanda kanthu, si umboni wakuti zonse zili bwino. Nkhope ya wolandira ndalama, mmene mlonda amayang'anira zikwama, mmene mumalandirira munthu wobweza katundu wowonongeka, zonsezi zimalemera m'maganizo mwa wogula kuposa chikwangwani chachikulu cha pamsewu chimene munalipira ndalama zambiri.

Pali zinthu zina zimene zimaoneka zazing'ono pa pulani koma kwa anthu ena ndi zimene zimagamula ngati apita kapena ayi. Kwa munthu wokalamba, mayi woyembekezera, kholo loyenda ndi mwana wamng'ono kapena munthu wodwala shuga, chimbudzi chaukhondo ndi benchi yopumirapo zimanena kuti akhoza kukhala kumaloko maola angati. Kwa woyenda pa njinga ya olumala, sitepe imodzi yokha pakhomo ndi khoma. Paco Underhill, yemwe wakhala zaka zambiri akujambula ndi kuonetsetsa mayendedwe a anthu m'masitolo, anaona kuti wogula amene akugundidwa kumbuyo ndi odutsa m'kanjira kopapatiza amasiya chinthu chimene amachiyang'ana n'kuchokapo, makamaka akakhala mayi. Pamzere wolipirira napo, David Maister, katswiri wa kayendetsedwe ka bizinesi, anafotokoza m'chaka cha 1985 kuti kudikira kopanda chochita, kosafotokozedwa kapena kopanda chilungamo kumamveka kotalika kuposa mmene kulili. Mphindi zisanu pamzere umene wina walowerera kutsogolo popanda womuletsa zimasiya mkwiyo umene mphindi khumi pamzere wolongosoka sizisiya.

Chitetezo ndi chimene chimaonetsa bwino kwambiri kusiyana kwa pepala ndi mutu. Apolisi akhoza kukupatsani ziwerengero zoonetsa kuti umbava wachepa, koma munthu saona ziwerengero. Amaona mababu othima, masitolo otsekedwa motsatizana, zinyalala zosawoledwa ndi makoma aatali opanda mawindo. Jane Jacobs, wolemba nkhani za mizinda, ananena m'chaka cha 1961 kuti msewu umakhala wotetezeka ukakhala ndi maso ambiri ouyang'ana, maso a eni masitolo, a okhala m'nyumba zoyandikira ndi a odutsa. Ndiye mukachotsa ogulitsa ang'onoang'ono onse m'dera n'cholinga choliyeretsa, dziwani kuti mwachotsanso maso amenewo, ndipo msewu woyera koma wopanda anthu ukhoza kuopsa kuposa wodzaza. Sindikunena kuti chipwirikiti n'chabwino, pakuti kuthithikana kumene munthu amayenda atagwirira thumba lake nakonso kumathamangitsa ogula. Ndikunena kuti pakati pa chipwirikiti ndi chipululu pali malo aakulu, ndipo ntchito yanu ili pamenepo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka eni masitolo, mukamva kuti maganizo a wogula ndi amene amalamula, mumaganiza msanga za njira zowakhotetsera. Njirazo zilipodi. Ronald Milliman anafalitsa m'chaka cha 1982 zotsatira za kuyesa kwake m'sitolo ina yaikulu ku America, kumene nyimbo zoyenda pang'onopang'ono zinachititsa ogula kuyenda modekha, ndipo malonda anakwera ndi pafupifupi 38 peresenti poyerekeza ndi masiku a nyimbo zothamanga. Kuwala, fungo ndi kayalidwe ka katundu zimagwira ntchito mofananamo. Koma izi zimakhudza munthu amene walowa kale, ndipo sizingabweze amene anachoka atanyozedwa. Kumbukiraninso nkhani ya Victor Gruen, mmisiri wa mapulani a nyumba wobadwira ku Vienna, amene anakonza Southdale Center ku Edina, m'chigawo cha Minnesota. Nyumbayi inatsegulidwa m'chaka cha 1956, ndipo imadziwika monga chiyambi cha nyumba zikuluzikulu za masitolo zofoleredwa zonse ndi zowongoleredwa kutentha m'kati. Gruen ankafuna malo okumanirana anthu, ozunguliridwa ndi nyumba zogona, sukulu ndi chipatala, monga pakati pa mzinda weniweni, koma omanga anatengapo mbali yokopa ndalama yokha n'kusiya zina zonse, ndipo pofika m'chaka cha 1978 iye anazikana poyera nyumba zotengera pulani yakeyo. Zambiri mwa nyumba zoterezi ku America lero zili zotseka kapena zatsala ndi masitolo owerengeka, ndipo ngakhale zifukwa zake ndi zambiri, kuphatikizapo kumanga mopyola muyeso ndi kugula pa intaneti, ine ndimaonapo phunziro lakuti malo okonzedwa kuti angokama wogula sakhala ndi wowamenyera nkhondo zinthu zikavuta.

Komabe mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse kuposa zonse ndi yakuti ubale wa maganizo a ogula ndi kumene amagula suyenda mbali imodzi. N'zoona kuti anthu amapita kumene amakuona bwino, koma n'zoonanso kuti amayamba kuona bwino kumene amapita kale. Robert Zajonc, katswiri wa maganizo a anthu, anaonetsa m'chaka cha 1968 kuti kungoona chinthu mobwerezabwereza kumachititsa munthu kuchikonda, ndipo m'sitolo chizolowezi chili ndi phindu lake lenileni, chifukwa munthu amene akudziwa pamene chilichonse chimakhala amagula msanga osatopetsa mutu. Choncho mukaima pakhomo la sitolo yanu n'kumafunsa otuluka ngati akhutira, mudzamva zokoma zambiri, koma mudzakhala mwafunsa okhawo amene anasefedwa kale, amene anazolowera kapena amene zovuta zanu siziwakhudza. Amene ali ndi yankho lofunika sali pamenepo. Ali kusitolo ya mnzanu, kapena ali kunyumba akugula pafoni.

Palinso gulu lina limene kuchuluka kwake kumakunamizani, la anthu amene amabwera kwa inu osati chifukwa chokukondani koma chifukwa alibe kwina kopita. Munthu wopanda galimoto, wolandira ndalama za tsiku ndi tsiku, wosakhala ndi firiji yosungiramo zinthu, kapena wotuluka kuntchito masitolo ena atatseka, amagula pamene angathe, ngakhale akuona kuti malowo ndi auve, odula kapena amwano. Mukawerenga mapazi ake pakhomo n'kunena kuti anthu amakonda malo ano, mwawerenga kusowa chochita ngati chikondi. Ogula oterewa amakhala okhulupirika mpaka tsiku limene njira ina yatseguka, kaya ndi sitolo yatsopano, basi yatsopano kapena wobweretsa katundu pakhomo, ndipo tsiku limenelo amachoka onse nthawi imodzi, inu n'kutsala mukudabwa kuti chachitika n'chiyani. Kwa a khonsolo, nkhaniyi ndi yoposa malonda, chifukwa kusiyana kwa kumene anthu amafuna kugula ndi kumene amakakamizika kugula ndi muyeso wabwino wa mmene mzinda ukusamalirira anthu ake osauka.

Onjezani pamenepa kuti mbiri ya malo imachedwa kusintha kuposa malowo. Dera limene linali la mbava zaka khumi zapitazo limakhalabe la mbava m'mutu mwa munthu amene sanapiteko chiyambire, ndipo iye amauza ana ake zomwezo. Mbiri yoipa imadziteteza yokha, chifukwa imaletsa ulendo umene ukanaitsutsa. Ndiye mukakonza msika kapena msewu wa masitolo, musayembekezere kuti anthu abwera sabata yotsatira, ndipo musafulumire kunena kuti ndalama zapita pachabe. Pamafunika chifukwa chenicheni chobweretsa munthu kamodzi, monga ofesi ya boma, chipatala, banki kapena pokwerera basi pafupi, kuti maso ake awongole zimene makutu ake anamva. Mbiri yabwino nayonso imachedwa kufa, ndipo apa m'pamene pali msampha, chifukwa malo akhoza kuyamba kuwola pamene anthu akubwerabe mwachizolowezi, oyang'anira n'kumagona tulo poganiza kuti zonse zili m'malo mwake. Masiku ano ndemanga za pa Google Maps ndi pa Facebook zafulumizitsa kufala kwa mbiri, koma sizinasinthe chikhalidwe chake, pakuti chithunzi chimodzi cha chimbudzi chosefukira chimakhalabe pa intaneti chimbudzicho chitakonzedwa kalekale.

Ndasunga chakumapeto chinthu chimene mwina simungakonde kumva, chakuti inunso muli ndi mapu a m'mutu, ndipo nawonso amalakwa. Ku Berlin, Dirk von Schneidemesser ndi Jody Betzien anafunsa ogula pafupifupi 2,000 ndi eni masitolo 145 m'misewu iwiri ya malonda, Kottbusser Damm ndi Hermannstraße, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 2021. Eni masitolo ankaganiza kuti makasitomala pafupifupi 22 pa 100 aliwonse amabwera pagalimoto, pamene enieni anali pafupifupi 7 okha. Oposa theka la ogulawo ankakhala pa mtunda wosakwana kilomita imodzi, zomwe eni masitolo sankaziganizira, ndipo ndalama zoposa 90 peresenti zinkachokera kwa oyenda pansi, a njinga ndi okwera mabasi kapena masitima. Chochititsa chidwi n'chakuti eni masitolo amene ankabwera kuntchito pagalimoto ndi amene ankakokomeza kwambiri chiwerengero cha makasitomala a magalimoto, ndiye kuti ankaona ogula awo podziyang'ana okha. Zimenezi si zachilendo. Pamene msewu wa Strøget mumzinda wa Copenhagen ku Denmark unkatsekedwa kwa magalimoto m'chaka cha 1962, amalonda ambiri anakana poopa kuti malonda awo afa, koma msewuwo unadzaza ndi oyenda pansi, ndipo mzindawo unapitiriza kuwonjezera misewu ina yotere.

Sindikunena kuti ziwerengero za ku Berlin ndi za mzinda uliwonse, pakuti kuli malo ena amene ogula ambiri amabweradi pagalimoto, ndipo kumeneko malo oimikapo magalimoto ndi ofunika. Ndikunena kuti anthu amene amakhala pamisonkhano yogamula nkhanizi, akuluakulu a khonsolo, eni nyumba za malonda ndi alangizi awo, nthawi zambiri ndi anthu amene amayenda mofanana, amagula mofanana ndipo amaopa zinthu zofanana, choncho akagwirizana amaganiza kuti dziko lonse lavomereza. Ambiri mwa iwo sanadikirepo basi atanyamula matumba, ndipo sanafunefunepo chimbudzi pamsika ali ndi mwana wolira. Zimene amadziwa za wogula wamba amazimva kwa owatumikira, ndipo akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pempho langa ndi lakuti musanasamutse msika, musanasinthe njira ya basi, musanagwetse kapena kumanga malo a malonda, mufunse ogula eniake, ndipo muwafunse m'njira yoti yankho likhale ndi tanthauzo. Musafunsire pakhomo la malo anu pokha, koma mupite m'makomo mwa anthu a m'madera ozungulira ndi m'malo okwerera basi, kuti mupeze amene anasiya kubwera ndi amene sanabwerepo. Musafunse funso lakuti akhutira kapena ayi, chifukwa munthu waulemu amavomera kuti akuchotseni. Afunseni kumene anagula komaliza, mmene anayendera, chimene anadutsa panjira, kumene akanakonda kugula akanakhala ndi mwayi, ndi chimene chimawaletsa. Apatseni pepala ajambule njira yawo, monga anachitira Lynch, ndipo muone zigawo zimene azisiya zopanda kanthu. Mayankho a amayi, okalamba, olumala, achinyamata ndi a ndalama zochepa muwawerenge paokhapaokha, chifukwa mukawasakaniza onse mumapeza wogula wapakatikati amene sapezeka pamsika uliwonse. Muyerekezenso zonena ndi zochita, powerenga anthu odutsa pa maola osiyanasiyana, usana ndi madzulo, nyengo ya mvula ndi ya dzuwa, pakuti pakamwa pamatha kunena za mitengo pamene mapazi akuthawa mdima.

Mukapeza kuti anthu akuona malo anu molakwika, muyambe mwafunsa ngati akulakwitsadi, musanaitane otsatsa malonda. Nthawi zambiri mudzapeza kuti mbiri yoipayo ili ndi gwero lake lenileni, babu lothima, mlonda wamwano, sikelo yokayikitsa kapena powolokera poopsa, ndipo kukonza gwerolo n'kotsika mtengo kuposa zikwangwani. Ndikupemphanso kuti inu eni, kamodzi pa miyezi ingapo, musiye galimoto ndi wokutsegulirani chitseko, mufike kumalo amene mumayang'anira monga mmene ogula ambiri amafikira, mugule kanthu, muime pamzere, mugwiritse ntchito chimbudzi cha anthu onse, kenaka mubwerere pofikira basi mutanyamula katunduyo dzuwa litalowa. Ndipo zotsatira za mafunso amene mwafunsa anthu muzizipachika poyera, pakhomo la msika ndi pa intaneti, chigamulo chisanaperekedwe, kuti ogula ndi ogulitsa athe kukuuzani pamene mwawamva molakwika nthawi yokonza ikadalipo.

Ndine wanu mwaulemu,

Wogula wamba